Ketulo ya Atsibweni ndi Botolo la ku Sitolo

Pali mkangano umene sukutha pakati pa anthu osunga mfuti, ndiwo wakuti: kodi mfuti iyera bwino ndi mankhwala ogula ku sitolo, kapena ndi zimene munthu adzikonzera yekha pakhomo pace? Ena ati za ku sitolo ndizo zenizeni, pakuti anazipanga anthu ophunzira. Ena ati kugula botolo nkutaya ndalama cabe, popeza makolo anasunga mfuti zao zaka zambiri osadziwa khomo la sitolo. Ife tinalowa m'mkangano umenewu tiri anyamata, ndipo tinaturukamo ndi manyazi. Tsono popeza takalamba, tati tilembe cimene tinaphunzira, kuti wina asalipire mtengo umene tinalipira ife.

Atsibweni athu, mlongo wao wa amai, anali msilikari wa King's African Rifles pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Anamuka ku Burma m'caka ca 1944, namenya nkhondo m'cigwa ca Kabaw nyengo ya mvula, ndipo nkhondo itatha anabwera kwathu ku mapiri a Dedza kudzagwira khasu. Mfuti ya usilikari anaisiya kwa eni ace, koma pakhomo anali nayo yina ya gogodela, imene analandira kwa atsibweni ao, ndi kalata yace ya boma. Gogodela ndiyo mfuti yakale ija imene munthu athira onga kukamwa kwace, natsindira ndi ndodo, naikapo cipolopolo, ndipo moto ucokera m'kacipewa ka mkuwa pamene kanyundo kakamenya. Sanaisungira masewera ai. Munda wathu unali m'mphepete mwa phiri, ndipo nguluwe zikalowa usiku umodzi zinkagwetsa cimanga cokwanira kudya banja mwezi wathunthu. Monga mwa mwambo wa kwathu, aliyense anadziwa kuti tsiku lina mfutiyo idzakhala ya ife, mwana wa mlongo wao.

Cimene tikumbukira koposa ndico kutsuka kwao. Akaomba usiku ku cirindo, sanali kudya kanthu m'mawa asanatsuke mfuti. Poyamba ankalowetsa ndodo kukamwa kwace, nayang'ana cizindikiro cimene anacilemba pa ndodoyo, kuti adziwe ngati mwatsala onga ndi cipolopolo. Atatero ankamasula mpaipi ku mtengo wace, naimika matako ace m'mphika wa madzi otentha a sopo, nakulunga kansanza pa ndodo, nayamba kupopa. Madzi ankalowa ndi kuturuka pa kabowo kolowera moto, akuda bii, ndi pfungo longa la mazira obvunda. Ankataya amenewo nathira ena, kufikira madzi ataturuka oyera. Potsiriza ankatenga ketulo yao yakuda irikuwira, natsanulira madzi ace m'mpaipi mpaka citsulo citatentha kosagwirika ndi dzanja, kuti ciume cokha ndi kutentha kwace. Pamenepo ndipo ankapukuta ndi nsanza zouma, nadzoza pang'ono mafuta a makina osokera. Ife tinkaona nchito yonseyi ngati mwambo wa nkhalamba, ndipo mumtima tinkaseka kuti, Ha, munthu wanzeru angathire bwanji madzi m'citsulo, pamene mwana aliyense adziwa kuti madzi ndiwo abala dzimbiri?

M'caka ca 1968 tinapeza nchito ya ukalaliki ku Limbe. Pofika December tinapita kumudzi kukapuma, titanyamula mphatso imene tinaigula ndi ndalama zosati zocepa m'sitolo yina ya zipangizo za alenje: botolo la mankhwala otsukira mfuti, locokera kunja, la pfungo lokoma. Tinalipereka ndi manja awiri, tinati, "Atsibweni, mwabvutika kokwanira ndi ketulo. Alenje a masiku ano atsuka ndi ici." Iwo analitembenuza, nalinunkhiza, nati, "Zikomo, mwanawe. Koma kodi amene anapanga ici anaiona mfuti yangayi?" Tinayankha kuti mfuti ndi mfuti. Sanatsutsa. Analiika pa alumali, napitiriza kuwiritsa madzi ao.

M'January wa 1969 anadwala cifuwa cacikuru, ndipo anawatengera ku cipatala cakutali. Masiku athu a kupuma anali asanathe, tsono kulinda munda kunagwera ife. Tinaomba katatu m'sabata imodzi. Tsiku la kubwerera ku nchito tinatenga botolo lija, tinanyowetsa kansanza, tinapukuta m'kati mpaka kansanza kanaoneka koyera pang'ono, tinadzoza mafuta ambiri, ndipo kunja konse tinakupukuta mpaka kunyezimira. Tinaipacika mfuti pa malo ace pansi pa denga la udzu, tinapita ndi mtima wokondwa kuti tacita nchito ya ola lathunthu m'kamphindi kocepa. Mvula inagwa February yense ndi March yemwe.

Atsibweni anabwera m'April, ndipo ife tinapita kukawaona. Atapuma anaitanitsa mfuti yao. Kunja inali yokongola monga tinaisiyira. Koma polowetsa ndodo ya kansanza, inayamba kukodwa m'njira, ndipo poiturutsa kansanza kanali kofiira ngati katondo. Kabowo ka moto kanali katatsekeka. Anatsuka tsiku lonse ndi ketulo, koma ndodo inali kumvekabe kukhakhala kumatako, pamene onga upsera, ndipo pamenepo ndi pamene citsulo ciyenera kulimba koposa. Mfutiyo inali yakale, citsulo cace copyapyala ndi kale lomwe. Anakhala cete nthawi yaitali, nati, "Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Iyi ikaphulika idzacotsa dzanja kapena maso a woombayo, ndipo woombayo adzakhala iwe." Sanatikalipira ndi mau ena. Atapeza mphamvu anainyamula okha kunka nayo ku boma, naipereka pamodzi ndi kalata yace. Dzinja lotsatira tinamva kuti alikulinda munda ndi zitini ndi moto, munthu wa cifuwa cosacira bwino, ndipo nguluwe zinadya ndithu.

Zaka zambiri tinaliyesa botolo lija lacinyengo. Koma pamene tinawerenga ndi kufunsa kwa odziwa, tinapeza kuti botolo linalibe mlandu. Linapangidwira litsiro lina, ndipo ife tinalituma nchito yosati yace. Tiyeni tsono tione mitundu ya litsiro imene itsala m'mfuti.

Onga wakuda wa gogodela upangidwa ndi zinthu zitatu: saltpetre, makala ndi sulfure. Ukapsa sukutha wonse kusanduka mpweya. Koposa theka la kulemera kwace kutsala ngati utsi ndi mwaye. M'mwaye umenewo muli mitundu ya mcere imene ikoka cinyontho ca mumpweya, monga mcere wa m'nyumba ulowa madzi nyengo ya dzinja. Ndipo mcere susungunuka m'mafuta. Yesani nokha: thirani mcere m'kapu ya mafuta ophikira, mudzaupeza mawa uli pansi monga munauthirira, thirani m'madzi, udzasowa pomwepo. Ife tinapukuta mwaye wa pamwamba, koma mcere wa m'ming'alu ndi wa kumatako tinangoufunditsa mafuta, ndipo unagona pamenepo miyezi itatu ulikumwa cinyontho ndi kudya citsulo.

Cinthu cimeneci cinasokoneza ngakhale akatswiri a maiko a Azungu. Pamene onga wakuda unaleka kugwira nchito m'mfuti za asilikari, anthu anazizwa kuona mfuti zotsukidwa bwino ndi kudzozedwa mafuta zirikucita dzimbiri patapita masiku. M'caka ca 1922 Dr. Wilbert J. Huff, wa ku Bureau of Mines ya ku America, anaonetsa cifukwa cace. M'kacipewa koyatsira moto ka makatiriji a masiku amenewo munali potassium chlorate, imene ikapsa isanduka potassium chloride, mbale wace wa mcere wathu wa pa ndiwo. Mafuta sanali kuucotsa, koma madzi ndiwo. Ndico cifukwa cace asilikari a Britain, pamodzi ndi athu a King's African Rifles, anaphunzitsidwa kutsanulira madzi owira m'mpaipi wa mfuti ya Lee-Enfield ataomba, ndipo pambuyo pace kukokamo cingwe ca kansaru ndi kudzoza mafuta a m'kabotolo kamene kankakhala m'thako la mfuti. Atsibweni sanamva konse dzina la Huff. Iwo anangoona ku Burma kuti mfuti ya waulesi icita dzimbiri usiku umodzi, ndipo ketulo ija inali nzeru yoyesedwa pa nkhondo.

Nanga mabotolo anadza bwanji? M'caka ca 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga onga wopanda utsi, ndipo mu 1889 a ku Britain anapanga wao wochedwa cordite. Onga watsopanowu usiya litsiro locepa, koma louma ndi lomamatira, limene madzi salisungunula bwino. Ndiponso uthamangitsa cipolopolo kwambiri, kotero kuti mtobvu wokha sukwanira. Anayamba kuubveka caka ca mkuwa kapena ca mkuwa wosanganiza ndi nickel, ndipo cakaco cisiya zipsera zace m'mizere ya mpaipi. Litsiro latsopano linafuna cotsukira catsopano. Mu 1903 Frank Hoppe wa ku Philadelphia anasanganiza mankhwala 9, ndipo kusanganiza kwaceko kugulitsidwa kufikira lero ndi dzina la Hoppe's No. 9. Mu 1904 a banja la Klever ku Germany anaturutsa mafuta ochedwa Ballistol, amene asilikari a dzikolo anayamba kugwiritsa nchito caka cotsatira. Amenewa ali ndi cikhalidwe cakuti asanganizika ndi madzi nayera ngati mkaka, ndipo oomba onga wakuda ambiri a masiku ano awathira m'madzi potsuka; onani kuti ngakhale pamenepo madzi sanacoke pa nchito yao. Pambuyo pace kunapezeka mankhwala ena oyatsira moto osasiya mcere, ndipo asilikari a America anasinthira ku amenewo m'zaka za m'ma 1950. Makatiriji atsopano a mfuti za alenje a lero safuna ketulo. Koma makatiriji akale otsala ku nkhokwe za asilikari a maiko ena akali ndi mcere uja, ndipo woomba amenewo akadalira botolo la mafuta lokha adzaona zimene tinaona ife.

Musaganize kuti zokonza pakhomo ziri za anthu osauka okha. Ku America kuli kusanganiza kwina kodziwika kwambiri pakati pa oomba mfuti, kochedwa Ed's Red, cifukwa anakufalitsa munthu wina wodziwa za mfuti dzina lace C. E. Harris, amene anzace amucha Ed. Iye sanayamba pacabe. Anatenga ciyambi cace m'buku la Julian S. Hatcher, mkuru wa asilikari, lochedwa Hatcher's Notebook, la 1947, mmene munalembedwa cotsukira ca ku Frankford Arsenal: acetone, turpentine, parafini ndi mafuta a nangumi, miyeso yolingana. Popeza malonda a mafuta a nangumi analetsedwa ku America m'zaka za m'ma 1970, Harris anaika m'malo mwace mafuta ofiira a m'magiya a galimoto zosintha zokha magiya, a mtundu wa Dexron. Ndipo m'malo mwa turpentine anaika white spirit, imene opaka utoto atsukira maburashi ao. Potero muli zinthu 4 zolingana muyeso: Dexron, parafini, white spirit ndi acetone, ndipo wofuna aonjezapo mafuta a m'ubweya wa nkhosa kuti acinjirize dzimbiri. Mtengo wace ucepa kwambiri poyerekeza ndi timabotolo ta ku sitolo, ndipo kucotsa bwino mwaye wa onga wopanda utsi. Koma mwini wace sanabisa malire ace: sikusungunula mkuwa, acetone iononga vanishi ya pa mtengo wa mfuti ndi mapulasitiki ena, ndipo nthunzi yace igwira moto msanga niipsa cifuwa m'nyumba yotseka. Kukonza pakhomo kotere ndiko kwa munthu wodziwa nchito ya cinthu ciri conse cimene acithira.

Kuli kukonza kwina kumene sikuli nzeru koma kungotola ciri pafupi. Tinaona mnansi wathu wina akutsuka mfuti yace ndi petulo madzulo m'nyumba, koloboyi irikuyaka pa tebulo. Petulo safuna kukhudza lawi. Nthunzi yace iyenda pansi nikafika kumene kuli moto. Munthuyo anapulumuka, koma zipsera za m'manja mwace anapita nazo kumanda. Ena atsuka ndi viniga poti acotsa dzimbiri, ndipo acotsadi. Koma kuda kokongola kwa kunja kwa mfuti kuli mtundu wa dzimbiri loikidwa dala kuti licinjirize citsulo, ndipo viniga sasankha, acotsa zonse nasiya citsulo ciri mbee. Ena adzoza mafuta a ntedza kapena a nsatsi. Amenewa pakupita kwa miyezi auma nasanduka ulimbo, ndipo tsiku la kusowa mfuti upeza tizitsulo tace tamamatirana. Zonsezi ziri za pakhomo monga ketulo ya atsibweni, koma sizilingana nayo konse.

Ndipo za ku sitolo nazo zifuna kusamala. Mankhwala ambiri ocotsa mkuwa m'mpaipi ali ndi amoniya, ndipo mudzawadziwa ndi pfungo lace lolasa m'mphuno, ndi kansanza koturuka kobiriwira ngati thambo, ndiwo mkuwa wosungunuka. Mphamvu yomweyo ikhoza kuononga. Asilikari a Britain ku India anali kusunga makatiriji ao m'makola a akavalo nyengo ya mvula, ndipo anali kupeza zikopa zace za mkuwa zitang'ambika zokha. M'caka ca 1921 akatswiri anafotokoza kuti ndi amoniya wocokera mu mkodzo wa akavalo amene anali kulowa m'mkuwa wokhwimitsidwa ndi makina, naung'amba. Cifukwa cace mankhwala otere asakhudze makatiriji, ndipo asagone m'mpaipi kupitirira nthawi yolembedwa pa botolo. Apa ndipo pali ubwino weniweni wa cogula: wopangayo anaciyesa, nalemba pa pepala nchito yace ndi zoopsa zace. Ife pepala la pa botolo lathu sitinaliwerenga, ngakhale tinali kalaliki wodya ndalama za kuwerenga.

Tsono wina akatifunsa lero kuti cabwino nciti, ca pakhomo kapena ca ku sitolo, timbwezera funso la atsibweni: kodi wopanga ici anaiona mfuti yanu? Yambani mwadziwa cimene munaomba. Ngati ndi onga wakuda, kapena makatiriji akale a mcere, madzi otentha ndiwo atsogole tsiku lomwelo, citsulo ciume bwino, mafuta atsate. Ngati ndi onga wa masiku ano, botolo la ku sitolo ligwira nchito, ndi kusanganiza konga kwa Harris kugwiranso, ndipo kusiyana kwace kuli pa mtengo ndi pa kusamala kumene mudzacita nako. Ngati mkuwa wamamatira m'mizere, pamenepo gulani copangidwira mkuwa, musayese kudzipangira. Ndipo ciri conse mugwiritsa, yambani mwaona ndi maso ndi cala kuti mfuti iribe kanthu, makatiriji akhale kutali, mutsukire pabwalo kapena pa khonde pamene mphepo ipita, kutali ndi moto ndi ana, ndipo musambe m'manja musanadye, pakuti litsiro la mfuti liri ndi mtobvu. Mutatsuka, bwererani patapita masiku awiri kapena atatu mulowetsenso kansanza koyera. Tikadacita cimeneci cokha, kapena kutumiza mau kumudzi kuti wina acite, mfuti ya makolo athu ikadapulumuka.

Atsibweni anamwalira m'caka ca 1977. Pogawa katundu wao, akuru anatiitana monga mwa mwambo, natipatsa cimene cinatsala ca mlenje: ndodo ija ya cizindikiro, ndi ketulo yakuda. Botolo nalo tinalipeza pa alumali, litatsala theka. Sanalitaya, cifukwa linali mphatso ya mwana wa mlongo wao, ndipo amai anatiuza kuti ankathirako pang'ono pa mahinjesi a citseko akayamba kulira. Ketuloyo tiri nayo kufikira lero. Adzukulu athu aiyesa ya tiyi, ndipo tikawauza kuti inali yotsukira mfuti aseka, nafunsa kuti munthu wanzeru angathire bwanji madzi m'citsulo. Ife sitiwakalipira. Tiwatuma akatenge mcere ndi makapu awiri, ina ya madzi ndi ina ya mafuta.